Wofunsa Mtengo Ndi Mlendo

Kwathu ku Punta Garza kuli anthu a mitundu iwiri: ofunsa mtengo wa takisi ndi osafunsa. Wosafunsa amatsegula chitseko chakutsogolo, amapereka moni, n'kukhala pambali pa dalaivala ngati mlamu wake. Akafika kumene akupita amasiya mapeso makumi asanu n'kutsika. Wofunsa amakhala kumbuyo, chipewa chili pamaondo, ndipo funso lake lomwelo ndi limene limakweza mtengo kanayi. Matakisi athu alibe mita. Mita yake ndi diso la dalaivala.

Ine ndine Araceli, mwana wa dalaivala. Bambo anga, Don Hilario, ayendetsa takisi nambala 7 kuyambira ndisanabadwe. Digiri yanga ya zokopa alendo, imene ili pakhoma kunyumba pakati pa kalendala ndi chithunzi cha malemu mayi, inalipiridwa ndi anthu a mpando wakumbuyo. Zimenezi ndimazidziwa. Bambo amaonetsetsa kuti ndisaziiwale.

Lachitatu limenelo ndinali pa kauntala ya hotela yaing'ono imene ndimagwirako ntchito, foni nditaiika chafufumimba kuti ndisamaiyang'ane. Ndinkaitembenuza mphindi iliyonse.

"Wadzuka bwanji, mnyamata wa nambala 19?" ndinali nditalemba m'mawa. Timizere tiwiri tabuluu. Yankho, zii.

"Amayi ako abwerabe Lamlungu?" Timizere tabuluu.

"Ngati wamwalira undiuze, ndidziwe chovala." Uwu sanauwerenge n'komwe.

Aldair, chibwenzi changa, si munthu wosowa mawu. Tinadziwana tsiku limene anabweretsa pa hotela nsapato imodzi yoiwalidwa ndi mlendo m'galimoto yake, ndipo mawa lake anabweranso kudzafunsa ngati nsapatoyo inagona bwino. Kwawo ndi ku Pochutla, tauni ya msika imene ili kumtunda kwathu. Amayendetsa ngati madalaivala onse a kuno, chigongono panja, indiketa osaidziwa kuti ili mbali iti. Amati kuyatsa indiketa n'kutaya magetsi, poti ku Punta Garza aliyense amadziwa kale kumene mnzake akupita.

Lamlungu, ikatha Misa yoyamba, amayi ake ankayenera kutsika ndi dengu: buledi, chokoleti, makandulo ndi botolo la mezcal, kachasu wa kuno, kudzandipempha kwa bambo monga mwa mwambo. Bambo sanavomere, sanakanenso. Vuto lawo linali lakuti nambala 19 si ya Aldair. Ndi ya Don Rutilio, wapampando wa siteji ya matakisi. "Munthu woyendetsa galimoto ya mwini ndi mlendo," iwo anatero, "ngakhale atakhala pa chiwongolero."

Ndiye kuyambira Lolemba madzulo, Aldair anangoti chete.

* * *

Mavuto onsewa anayamba ndi Doña Marit, mayi wachikulire wa ku Norway amene anabwereka chipinda choyang'ana kunyanja kwa nyengo yonse. Tsiku lina, mwezi wathawo, ndinawapeza atakhala pa mpando wa pafupi ndi kauntala, chikwama chili pachifuwa, misozi ikutsika mwakachetechete.

"Mayi, wakuberani ndani?"

"Sindikudziwa ngati wandibera. N'chimene chikundiliza." Chisipanishi chawo chinali chotsimphina koma chinkafika. "Zaka zonse tinkabwera kuno ndi amuna anga. Iwo ndi amene ankalankhula ndi madalaivala, ine ndinkangoyang'ana nyanja. Chaka chino ndabwera ndekha. Ndafunsa mtengo, mnyamata wandiuza. Ndati wachuluka, waseka. Anzake onse aseka. Ndalipira kuti asiye kuseka."

Ndikanatha kuwapatsa madzi n'kuwauza kuti pepani. Ndi zimene ntchito yanga imafuna.

"Mawa musafunse mtengo," ndinatero.

"Koma mabuku onse amati ufunse usanakwere."

"Mabukuwo analembedwa ndi anthu a kumbuyo. Inu mukhale kutsogolo. Perekani moni, mufunse ngati kunyumba adzuka bwino. Mudandauleko za kutentha. Mukafika, siyani makumi asanu, mutsike osathamanga."

"Akandikalipira?"

"Sangakalipire munthu amene wafunsa za ana ake."

Anaseka pang'ono, akupukuta m'maso ndi chala. Ndipo mwina chifukwa cha kuseka kumeneko, mwina chifukwa tsitsi lawo linali loyera ngati mmene la mayi likanakhalira, ndinawonjeza china chimene sichinali cha tauni, chinali cha kunyumba kwathu kokha. Ndinawaonetsa kupinda ndalama kawiri n'kuilowetsa kuseri kwa kachithunzi ka Amayi Maria a ku Juquila, kamene dalaivala aliyense amamata pafupi ndi chiwongolero. Mayi anga ankatero nthawi zonse akakwera nambala 7. Bambo ankakana, iwo n'kumati, "Galimoto siimwa chikondi, Hilario, imamwa petulo."

Doña Marit anayesa, zinatheka, ndipo anabwera akuwala ngati mwana wakhoza mayeso. Chimene sindinaganize n'chakuti munthu wosungulumwa akapeza nkhani yabwino saisunga. Anaifotokoza pa tebulo la chakudya cham'mawa. Amene anaimva anakaifotokoza kugombe. Posakhalitsa azungu ofiira ndi dzuwa anali kukhala kutsogolo m'matakisi onse, akufunsa za ana a madalaivala osakwatira.

* * *

Nthawi ya nkhomaliro ndinasiya foni m'thumba n'kupita ndekha ku siteji. Ili pafupi ndi msika wa nsomba: denga la malata, mabenchi, ndi kanyumba ka wailesi momwe mumakhala Yesenia, mwana wa Don Rutilio, kuitana magalimoto potsata mzere. Tinaphunzira limodzi ku pulayimale. Ankandikopera masamu, ndipo mpaka pano sanandikhululukire.

"Eee, taonani, a Digiri atiyendera!" anatero, akuuzira zikhadabo zopenta kumene. "Tikupatseni mpando uti, mayi? Wakutsogolo kapena wakumbuyo?"

"Ndikufuna Aldair."

"Tilipo ambiri omufuna. Khalani pa mzere."

Madalaivala a pa benchi anaseka, koma kuseka kwake kunali kwafupi. Palibe amene anandifunsa za kuntchito monga amachitira masiku onse.

"Sunamve?" Yesenia anatsitsa mawu mokwanira kuti aliyense amve. "Pa siteji pano pali khoswe. Wina akuuza azungu mtengo wathu. Mawa kuli msonkhano. Adadi ati akamupeza, ngati ndi dalaivala, nambala ilandidwa. Ngati ndi wa pa hotela, palibe takisi idzaimenso pa geti la hotela imeneyo, alendo ake azidzasenza masutikesi pamutu."

Khosweyo ndinkamudziwa. Ndinkamupesa tsitsi m'mawa uliwonse.

Aldair ndinamupeza kumchira kwa mzere, akutsuka matayala amene anali oyera kale.

"Foni yako inagwera m'nyanja?"

"Celi, wadzatani kuno?"

"Kudzakhuza maliro. Ndamva kuti zala zako zatisiya."

Sanaseke. Aldair amaseka ngakhale nthabwala za wansembe, koma apa anangoviika nsanza m'ndowa.

"Bwerera kuntchito. Anthu akutiyang'ana."

"Akhala akutiyang'ana chaka chonse. Lero ndi pamene maso awo ayamba kulasa?"

"Usabwerenso pa siteji. Ndapota nawe."

"Nanga Lamlungu?"

Anafinya nsanza ija mpaka inasiya kudontha, n'kuifinyabe.

"Lamlungu n'kutali," anatero.

Ndinkafuna kumuuza kuti khoswe ndine. Mawuwo anali atafika kale pakhosi. Koma kumbuyo kwanga kunamveka nsapato zogogoda, ndipo Yesenia anadutsa pambali panga ndi mbale yovundikira ya matamale, timikate ta chimanga tokulunga m'masamba.

"Idya matamale, Aldair wanga. Sunalawe kanthu chidzukire."

Sindinafunse kuti akudziwa bwanji zimene munthuyo walawa chidzukire. Ndinangoona kuti Aldair analandira mbaleyo, ndi manja awiri.

* * *

Lachinayi madzulo bambo anafika dzuwa lisanalowe, anasamba m'manja, n'kukhala patebulo. Chimwalirire mayi timadya awiri, mpando wachitatu uli pamalo pake. Ndinaika nsomba yootcha ndi matotiya otentha, buledi wathu wopyapyala wa chimanga.

"Khoswe wapezeka," anatero, akuchotsa minga mmodzimmodzi.

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. "Ndani?"

"Mnyamata wako."

"Limenelo ndi bodza."

"Waimirira yekha pamaso pa amuna onse. Wati ankauza alendo mtengo kuti azimukonda, azimuitana iye yekha. Wavomera ndi pakamwa pake. Iwe unalipo?"

"Ndiye amutani?"

"Wachotsedwa pa mzere. Anthu amafuna zoposa pamenepo, koma Don Rutilio ndi munthu wachifundo. Amutumiza kwawo ku Pochutla, akayendetse galimoto yawo ina ya kumeneko."

"Bambo, amene anauza alendo aja..."

"Idya, nsomba ikuzizira."

"Ndikuti amene..."

"Araceli." Sanakweze mawu. Bambo sakweza mawu. Amangotchula dzina lonse. "Nkhani yatha. Ntchito yako ilipo, nambala 7 ilipo. Amene akufuna kuidzutsa nkhaniyi ayambe waganiza kuti m'nyumba muno tizidya chiyani."

Anang'amba totiya pakati.

"Dengu lija usalidikire. Sindingapereke mwana wanga kwa munthu wopanda mzere."

Ndinalowa kuchipinda n'kuimba foni ya Aldair. Inaitana mpaka kudziduka yokha. Ndinalemba, "Wavomereranji chinthu chimene sunachite?" Timizere tiwiri, totuwa. Kunja ana ankasewera mpira, wailesi ya oyandikana nawo inkaimba nyimbo ya ukwati. Tauni yathu ndi yaing'ono moti sungasowe munthu wokuona, koma tsiku limenelo ndinasowa woti ndimuuze.

* * *

Lachisanu Doña Marit anabwera pa kauntala ndi zipolopolo za kugombe m'chipewa, kundifunsa kuti chokongola n'chiti choti akaike pa manda a amuna awo. Ndinasankha chimodzi osachiona bwino.

"Uli ndi nkhope ya munthu wofunsa mtengo," anatero. "Watani, mwana wanga?"

"Kutentha, mayi."

"Ineyo ndi amene unandiphunzitsa kudandaula za kutentha. Usandiyese dalaivala." Anaika chipewa pansi. "Pali china ndakhala ndikufuna kukufunsa. Mwina ndinalakwitsa penapake. Lolemba ndinakwera takisi ya bambo wina wa ndevu za imvi, wosalankhula. Ndinachita zonse monga unandiuzira. Koma nditapinda ndalama n'kuilowetsa kuseri kwa kachithunzi, anangouma. Anakhala nthawi yaitali manja ali pa chiwongolero, osandiyang'ana. Ndinaopa kuti wadwala."

"Nambala yake munaiona?"

"Seveni. Ndimakumbukira chifukwa inali yofufutika mbali imodzi."

Ndinaifufuta ndine ndi njinga, ndili mwana.

"Kenako anandifunsa kuti wandiphunzitsa zimenezi ndani. Ndinati mtsikana wabwino wa pa hotela, wa maso akuthwa. Anatulutsa ndalama ija, anaitambasula bwinobwino, n'kundibwezera. Anati ulendo umenewu walipiridwa kale. Kodi ndinamunyoza?"

"Ayi, mayi. Simunanyoze munthu."

Lolemba. Bambo anadziwa Lolemba masana. Aldair anasiya kuyankha Lolemba madzulo. Pa msonkhano wa Lachinayi bambo anakhala pa benchi, akudziwa, n'kumaonerera mwana wa eni akusenza katundu wa mwana wawo. Atatero anabwera kunyumba kudzachotsa minga ya nsomba.

* * *

Uthenga unafika Loweruka m'mawa, ndikuyanika zovala. Unali wa mawu. Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kuika foni kukhutu.

"Celi, ndine. Ndili ku Pochutla. Usandiimbire, sindingathe kulankhula nawe ukuyankha. Bambo ako anandipeza Lolemba. Anati akudziwa kuti ndiwe. Anati zikaululika abwana ako akuchotsa ntchito, iwonso pa siteji sadzadzutsanso mutu. Ndiye anati, ngati umamukondadi mwana wanga, senza ndiwe, ine dengu lako ndidzalilandira ndi manja awiri. Anati ndisakuuze, poti iwe ungakaime pakati pa siteji n'kuyamba kulalikira. Pamenepo sananame, ndimakudziwa. Ndinasenza, Celi. Msonkhano utatha ndinawatsatira ku galimoto kuti timalize za Lamlungu. Anandiyang'ana ngati ndikuwafunsa mtengo." Anapuma. "Amayi agula kale zonse. Chokoleti apera okha. Sindikudziwa kuti ndiwauze chiyani."

Ndinaumvera kachiwiri chifukwa cha mawu ake. Kachitatu ndinaumvera chifukwa cha china. Kumapeto kwenikweni, uthenga usanaduke, kumbuyo kunamveka mawu a mkazi, apafupi, omasuka ngati a mwini khomo.

"Aldair, tiye, adadi akudikira."

Ndinalemba mayankho ambiri n'kuwafufuta onse. Lomwe ndinatumiza linali lalifupi: "Khofi akhala atapsa ikamatha Misa yoyamba." Timizere tinasanduka tabuluu. Sanayankhe.

* * *

Lamlungu bambo anavala malaya a ntchito. Anati Lamlungu ndi tsiku la alendo ambiri, munthu sangakhale pakhomo kudikira mphepo. Ine ndinayala nsalu ya maluwa imene mayi ankaisungira alendo olemekezeka, ndinaika makapu anayi, ndinaphika khofi. Belu la tchalitchi linalira, anthu anatuluka, anadutsa pa msewu wathu ndi zovala zawo zabwino. Ena anasuzumira pa zenera n'kupereka moni wautali kuposa masiku onse. Khofi anazizira. Ntchentche imodzi inayendera makapu onse anayi, n'kupita.

Ndinatenga chikwama.

Pa siteji, m'kanyumba ka wailesi munali munthu wina, Yesenia kunalibe. Nambala 7 inali patsogolo pa mzere, bambo ali mkati akuwerenga nyuzipepala. Atandiona anatambasula dzanja kuti atsegule chitseko chakutsogolo, monga achitira moyo wanga wonse.

Ndinadutsa. Ndinatsegula chakumbuyo, ndinakhala, chikwama pamaondo.

"Pepani, bambo dalaivala. Kupita ku Pochutla ndi zingati?"

Pa benchi panali phokoso la makhadi. Linatha.

"Hilario!" wina anakuwa. "Mwana wako wasanduka mzungu liti?"

Palibe anaseka. Bambo anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono. Maso athu anakumana pa galasi loonera kumbuyo.

"Araceli, khala kutsogolo."

"Ndafunsa mtengo."

"Anthu akuona."

"N'chifukwa chake ndafunsa mwaulemu."

Khosi lawo linafiira kumbuyo. Kenako anatchula mtengo. Sunali wa azungu wamba. Unali wa azungu ofika kumene, amene khungu lawo silinapse ndi dzuwa.

"Chabwino," ndinatero. Sindinanenerere.

Analiza galimoto.

* * *

Tinadutsa tchalitchi, tinadutsa minda ya mapapaya, nyanja inatsalira kumbuyo. Mpando wakumbuyo wa nambala 7 sindinkaudziwa. Unkanunkhira mafuta odzola a alendo, ndipo kuchokera pamenepo bambo ankaoneka ngati dalaivala wina aliyense: khosi, makutu, imvi.

"Ukuganiza kuti ndine wakuba," anayamba okha.

"Sindinanene."

"Wanena pamaso pa siteji yonse. Alendo amabwera miyezi inayi, Araceli. Miyezi yotsalayo ndi mvula, matayala ndi ngongole. Mzungu amene akulirira mtengo wa takisi amamwera ndalama yomweyo pa tambula imodzi ya kugombe, osaphethira."

"Ndiye lembani mtengo umodzi pakhoma, aliyense auone. Munthu asamasekedwe."

"Mtengo umodzi wa ndani? Ukakhala wa azungu, amayi ogulitsa nsomba aziyenda pansi. Ukakhala wa amayi ogulitsa nsomba, ife tizidya mchenga."

"Sindinakwere galimoto ino chifukwa cha mtengo, bambo. Munamunamiza Aldair."

"Ndinakuteteza."

"Munamulonjeza kuti mulandira dengu."

"Ndinalonjeza dalaivala wa pa mzere."

"Amene munamuchotsa pa mzere ndinu!"

Tinapitirira lole ya mavwende. Kachithunzi ka Amayi Maria kankagwedera pafupi ndi chiwongolero, m'mphepete mwake mutada ndi zala za zaka zambiri.

"Ukanangowauza mtengo," anatero, mawu atatsika. "Ndikanakwiya, zikanatha. Koma unatenga za mayi ako n'kupatsa mlendo. Dzanja lija litafika pa chithunzi, ine ndinatembenuka kuti ndione ngati ndi iye."

Ndinayang'ana panja. 

"Komabe wolakwa ndine," ndinatero. "Si iye."

"Wolakwa ndiwe, inde. Koma mnyamata wakoyo anavomera msanga. Sunadzifunse? Galimoto imene wapatsidwa ku Pochutla ndi yatsopano, mapulasitiki akadali pamipando. Ndakhala pa siteji moyo wanga wonse, sindinaonepo chilango chonunkhira chotero. Don Rutilio ali ndi magalimoto ambiri, mwana mmodzi. Iwe ndi amene unapita kusukulu, werengera wekha."

"Mukufuna ndimukayikire kuti inu mupepukidwe."

"Ndikufuna utsegule maso. Amati ndi akuthwa."

* * *

Polowa m'mudzi wa pakati pa njira pali chitunda cha simenti chopingasa msewu, chachitali moti galimoto iliyonse imachita kukwawa. Bambo anachepetsa liwiro. Kuchokera kutsogolo, takisi ina yoyera mbee inachepetsanso. Magalimoto awiriwo anakwera chitundacho nthawi imodzi, zenera kuyang'anizana ndi zenera.

Pa chiwongolero panali Aldair, atavala malaya oyera a manja aatali amene tinakasankha limodzi. Kumbuyo kunali amayi ake, shawelo yakuda pamapewa, atafungatira dengu lovundikira nsalu yopeta. Khosi la botolo linkasuzumira pambali.

Kutsogolo, pambali pa Aldair, kunali Yesenia, tsitsi atamanga, ndolo zikulendewera. Chigongono chake chinali pa zenera ngati anabadwira pa mpando umenewo.

Aldair anandiona. Anaona bambo, anaona mpando wopanda munthu pambali pawo, anandionanso ine kumbuyo. Anatsegula pakamwa. Lole ya kumbuyo kwake inaliza hutala, matayala anatsika chitunda, ndipo anapitirira, kulowera ku Punta Garza.

Yesenia yekha ndi amene anapeza nthawi yondibayibitsa ndi zala.

Bambo anaimika galimoto pambali pa msewu. Injini inkalira pang'onopang'ono.

"Ukupitabe ku Pochutla?"

Mwina Yesenia anangopempha kukwera nawo, poti galimoto ndi ya bambo ake. Mwina amayi a Aldair anakana kuti chokoleti chawo chipite pachabe, n'kumuuza mwana wawo kuti mwamuna sabwerera pa khomo asanagogode. Mwinanso dengu silisankha nyumba. Buledi ndi yemweyo, makandulo ndi omwewo.

"Kubwerera ndi zingati?" ndinafunsa.

Bambo anandiyang'ana pa galasi. Kenako anawerama, anatambasula dzanja, n'kukankha chitseko chakutsogolo. Chinatseguka, mpweya wotentha unalowa. Mpando wa mayi unali pomwepo, utafwifwa pamene ankatsamira.

"Tsekani, fumbi likulowa," ndinatero. "Atsatireni."

Anatseka. Anatembenuza galimoto.

Tinawapeza pa minda ya mapapaya, ndipo bambo anasiya mpata wa magalimoto awiri pakati pathu. Nyanja inaonekeranso kutsogolo, yowala mopweteka maso. Ndinkaona mutu wa Aldair, mutu wa Yesenia, ndi chogwirira cha dengu pakati pawo.

Pa tchalitchi msewu umagawikana. Kumanzere ndi kwathu, kumene nsalu ya mayi inali patebulo ndi makapu anayi. Kumanja ndi kwa Don Rutilio, nyumba ya geti labuluu.

Nsanja ya tchalitchi inayandikira. Magetsi a mabuleki a takisi yoyera anayaka. Ndinapezeka nditagwira mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri, ndipo ndinaona kuti bambo nawonso awerama pa chiwongolero, akuyang'ana pomwe ndinkayang'ana ine: timagetsi tiwiri tating'ono, kena kumanzere, kena kumanja.

Koma Aldair sayatsa indiketa.